Thandizeni a gulu, sitima ya ku Dar es Salaam pa ndalama zochepa

Membala wosatchula dzina: Moni a gulu, a admin chonde bisani dzina. Ndikufuna kupita ku Dar kukaoda zitenje ndi nsapato ku msika wa Kariakoo koma ndalama ndi zochepa, ndiye ndamva kuti sitima ya TAZARA, ya pa njanji ya pakati pa Zambia ndi Tanzania, ndi yotchipa. Ine kuno ku Lusaka ndine mlendo, ndimakhala ku Kanyama kwa achemwali anga ndipo alamu anga ndi amene ananena kuti andiperekeza koma mpaka lero akungoti mawa mawa, ndalama zanga za chilimba anabwereka sanabweze koma mowa akumwa tsiku ndi tsiku, ukawafunsa achemwali akuti ukufuna kundipasulira banja. Foni yanganso batire ikutha msanga. Kodi ndikakwerera kuti, munthu amagona bwanji mmenemo, nanga poti Chiswahili sindidziwa? Osandinyoza chonde mutu wanga ndi wotentha kale.

Mai wa salaula: Pasipoti yanu ndi ya dziko liti, ndipo mukufuna kunyamuka liti? Yambani mwayankha izi.

Mdala wa njanji: Ana inu simudziwa chimene mukukwera. Njanji imeneyo ndi makilomita 1,860, anamanga ndi a China nthawi ya Kaunda ndi Nyerere, inatha mu 1975. Chifukwa chake? Ian Smith atalengeza yekha ufulu wa Rhodesia (Zimbabwe ya lero) mu 1965 kopa wathu ankasowa njira yabwino yofikira kunyanja. Ndiye mukamakwera muzikwera mwaulemu, si minibasi ya ku Matero imeneyo.

Mnyamata wa ku Chawama: Mdala munthu wafunsa pokwerera, inu mwayamba History ya giredi 9 😂

Mdala wa njanji: Iwe mwana ndinakwera sitima imeneyi amako asanakubereke. Pokwerera ndi New Kapiri Mposhi, osati muno mu Lusaka. Mwanawe ukwere basi pa Intercity mpaka Kapiri, ndi makilomita pafupifupi 200, ndipo unene kuti ukupita ku siteshoni ya TAZARA chifukwa ya Zambia Railways ndi ina. Sitimayo imadutsa Serenje, Mpika, Kasama, mpaka pa boda ya Nakonde, ukawoloka ndi Tunduma, kenako Mbeya.

Mai Busa: Koma nkhani ya alamuyo yandikhudza. Mwanawanga za mbanja la achemwali ako usazibweretse pagulu, pita kwa ankhoswe awo. Komanso mtsikana kuyenda yekha mtunda wonsewo, ine mwana wanga sindingamulole.

Mai wa salaula: Mai Busa ife timayenda tokha zaka zonsezi tikudyetsa ana, watidya ndani? Mu fesiti kilasi muli mabedi 4, mu sekondi 6, ndipo akazi amagona kwaokha amuna kwaokha pokhapokha banja litagula chipinda chonse. Ya thedi ndi mipando chabe, yotchipa inde koma mausiku awiri chokhala msana umamva. Ngati ndalama ikulola gwirani sekondi.

Wa mabasi: Manje nonse mukumunamiza munthu. Sitima ndi ya azungu ofuna kujambula zithunzi. Wa bizinesi amakwera basi ya Nakonde, kuwoloka wapansi, kugwira ina pa Tunduma, basi wafika.

Mdala wa njanji: Basi yakoyo ili ndi bedi? Ili ndi chimbudzi? Ili ndi malo odyera nsima ndi nkhuku utakhala pa tebulo? Ukadutsa Mlimba ndi Ifakara sitima imalowa mmbali mwa nkhalango ya Selous, ikadutsa masana umaona nyama pawindo osalipira kanthu, ine ndinaona akadyansonga ndi maso angawa. Pakati pa Makambako ndi Mlimba pali milatho ndi mapanga oboola phiri oti ukaona umavula chipewa. Inu mumangodziwa kuthamanga.

Wa mabasi: Akadyansonga amalipira renti?

Neba wa ku Garden: Ine zimene sindiiwala ndi anyamata osintha ndalama pa boda. Anandiwerengera mashilingi mwachangu chala chikuthamanga, ndikusangalala kuti ndalemera poona ma 10,000 ambirimbiri, kudzawerenga bwino mchipinda pakati anapindamo ma 1,000. Ndinalira mpaka Mbeya, mayi wina wa Chitanzania anachita kundigulira tiyi. Ndipo ulendo womwewo mlamu wanga nayenso anandidyera ndalama, ndiye sisi alamu ndi choncho onse.

Mnyamata wa ku Chawama: Gulu la odyeredwa ndi alamu tikumane Loweruka 😂😂

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Mai Busa ankhoswe ndinapitako kale, nawonso amamwera limodzi ndi alamuwo. Dzulo lomweli anatenganso chaja changa osapempha.

Mai wa salaula: Sisi pasipoti ija? Ndafunsa kale. Ngati ndinu mlendo muno onani chidindo cha masiku amene anakupatsani polowa, akakhala kuti anatha mukakodwa pa Nakonde musanaone ndi Tanzania yomwe.

Namwino wa usiku: Tengani kadi yachikasu ya katemera wa yellow fever, pa boda nthawi zina amaifunsa. Madzi akumwa, tishu, pawa banki poti mwati batire ndi yovuta, ndi juzi chifukwa ku Mbeya usiku kumazizira. Mukawoloka zinthu mumagula ndi mashilingi, ndiye sinthani pang'ono zodyera zokha, zambiri mukasinthe ku bureau. Pogula mungoti "bei gani" (ndi zingati), akulemberani mtengo pa foni.

Mdala wa njanji: Juzi ya chani, ife tinkayenda ndi malaya okha. Ndipo kale inkanyamuka Lachiwiri ndi Lachisanu, aliyense ankadziwa, osati ana a lero ofunsa pa intaneti chilichonse.

Namwino wa usiku: Mdala za kalezo zisiyeni, ndandanda imasintha. Aimbe foni ku siteshoni kaye afunse tsiku, mtengo, komanso ngati ikupitirira mpaka Dar kapena asintha sitima pa boda. Aikenso tsiku limodzi lapadera ndi ndalama ya malo ogona.

Wa mabasi: Mwaona? Tsiku lapadera. Ndalama ya loji. Kutchipa kwake kuli pati pamenepa?

Mdala wa njanji: Iwe ukundiyamba dala. Tchula basi imodzi yokha imene inamangidwa ndi mapulezidenti awiri.

Membala wosatchula dzina: Nanga katundu pobwerera amalipiritsa bwanji? Alamu abwera, ndizimitsa data kaye.

Mai wa salaula: PASIPOTI sisi.