Chinsinsi cha mtsikana wa m'buku langa ndichiulule pati?

mwana_wa_ku_Tengani:
Anzanga ndithandizeni nzeru. Ndikulemba buku, nkhani yopeka koma ndaiyika mu 1987 nthawi ija anthu aku Mozambique amathawa nkhondo kulowa kuno ku Nsanje. Mtsikana wachokera ku Mutarara, walowera pa Marka atabereka kakhanda kumbuyo, akuuza aliyense kuti ndi mng'ono wanga amayi anafera mnjira. Zoona zake mwanayo ndi wake, anatenga mimba a matsanga (zigawenga za Renamo) atamugwira. Ku kampu ya Mankhokwe akudziwana ndi mnyamata wathu wakonkuno yemwe amabwera ndi nsomba za makakana panjinga kudzasinthitsa ndi nandolo wa pakhadi lolandirira chakudya, chikondi nkuyambika pompo. Vuto langa ndi ili, amuuze liti mnyamatayo? Ndalemba machaputala 6 koma ndikafika pamenepa mtima umandiwawa ndimangotseka kope, ndikuopa kuti ndikaulula msanga nkhani ithera pomwepo, ndikachedwetsanso owerenga amuda mtsikanayo kuti ngwabodza.

mayi_aku_Bangula:
Mwananga funso loyamba, mwanayo akudya chani? Ngati ndi khanda ndiye kuti akuyamwa, ndipo akumuyamwitsa mobisa usiku mchisakasa. Azimayi sungawanamize pa zimenezi, bulauzi ikangonyowa pachifuwa ali pamzere wa ufa basi adziwa kale. Ine zaka zimenezo ndinali mtsikana, pakhomo pathu tinasunga mabanja awiri poti ambiri sanali kukampu ayi, amafikira kwa abale mmidzimu, Asena uku Asena uko, chiyankhulo chimodzi. Panali mtsikana wina nkhani yake yofananako ndi yakoyi, azimayi onse amadziwa koma palibe anatsegula pakamwa, agogo anga amangomuonjezera phala mmawa uliwonse osamufunsa kanthu, tsiku lina anamupatsa chitenje chawo chakutchalitchi kuti azifunda pachifuwa. Mpaka lero ndikakumbuka misozi imalengeza. Lemba zimenezo, chinsinsi chosungidwa ndi mudzi onse, osati cha munthu mmodzi.

mphunzitsi_Ngabu:
Amayi anena zenizeni. Ine ndionjezerepo za mwambo, ngati mnyamatayo ndi Msena kwawo amalowola, ankhoswe adzafuna kudziwa kuti chuma tikapereka kwa ndani nanga kamwanaka nka mtundu wanji, apa ndi pomwe bodza limaphulikira lokha iwe osalikakamiza. Akakhala Mmang'anja wa chikamwini zasinthanso chifukwa mkaziyo alibe mudzi woti mwamuna akakhaleko. Komanso usaiwale kuti mtendere anasainirana ku Rome mu Okutobala 1992, ndiye 1993 ndi 1994 anthu anayamba kubwerera kwawo, chaka cha 1992 chomwecho kunalinso chilala choopsa, anthu mchigwa muno njala ikavuta amalowa mmadambo kukazula nyika (timizu todyedwa ta zomera zammadzi) ng'ona zili momwemo. Mnyamata wako akalowe mmadzimo chifukwa cha mwana yemwe akuganiza kuti ndi mlamu wake chabe, owerenga aona okha kuti amakonda bwanji, sipafunika kalata zachikondi.

dada_wa_pa_Nchalo:
Chonde musamulembe ngati munthu ongolira tsamba lililonse. Anthu aja amaseka, amavina utse, amachita geni, ena anaphunzira sukulu konkuno. Mpatseni kanthu kena komwe amakadziwa bwino, kaya kuumba mbiya kaya kuimba, tizimukonda asanatimvetse chisoni.

mwana_wa_ku_Tengani:
Takhuta nonse, makamaka inu amayi, za kuyamwitsazo sindinaziganizireko nkomwe ndipo chaputala 2 ndichilembanso chonse. Ndaona tsopano kuti mnyamatayo adziwa yekha kalekale, mwina tsiku lomwe mwana adzadwale malungo nkumva mmene mtsikanayo akulilira, koma akhala chete kudikira kuti amuuze ndi pakamwa pake. Adzamuuza mu 1994 malole obwerera kwawo atafika, katundu atamanga kale. Amayi ngati simudandaula ndikufuna ndiikemo chitenje cha agogo anu chija, chinali cha mtundu wanji?