Holo ya banja la esiteti: tilandire kapena ayi?

Wapampando: Abale anga, banja lija la esiteti latilembera kalata. Akuti atimangira holo ya misonkhano pamalo awo a m'mbali mwa msewu, ndalama zonse ndi zawo. Apempha ziwiri: dzina la malemu bambo awo lilembedwe pakhomo, ndipo potsegulira pakhale phwando lalikulu. Tiuzeni maganizo anu.

Msungichuma: Tilandire basi. M'thumba lathu mulibe ngakhale zogulira malata. Mpemphi sakulitsa chitete.

Mlembi: A Msungichuma, ukwati wa mwana wawo uja munauona? Magalimoto mdipiti, matenti oyera bwalo lonse, jenereta kulira mpaka mbandakucha. Anyamata amene ankanyamula mipando anali asanalandire malipiro a mwezi wathawo, ana athu akusuzumira pa waya. Anthu amenewa safuna holo, akufuna bwalo lina loti tiziwaomberapo m'manja.

Msungichuma: Mayi, nsanje siimanga nyumba. Chuma ndi chawo.

Mlembi: Chuma ndi chawo, koma thukuta ndi la yani?

Aphunzitsi opuma: Tisakangane, ana anga. Dzina pakhomo ine silindivuta, utoto umafufutika. Chondivuta ndi nthaka. Holo ikakhala pamalo awo, makiyi ndi awo. Tsiku limene tidzafune kukambirana za malipiro a antchito kapena za njira ya kumtsinje imene anatseka, mukuganiza adzatitsegulira? Vutoli si lathu lokha. Lipoti la 2020 la bungwe loona za malo la International Land Coalition linapeza kuti minda ikuluikulu, yomwe ndi 1 peresenti chabe ya minda yonse, ndiyo yatenga malo olima oposa 70 peresenti padziko lapansi. Mwini nthaka ndiye amasankha kuti mphatso ikhale chiyani, ikhale pati.

Mphwanu wa ku Edinburgh: Aphunzitsi mwalasa. Kuno ku Scotland anthu a pachilumba cha Eigg anatopa ndi eni malo olonjeza zambiri, mpaka mu 1997 anasonkha ndalama, anthu akufuna kwabwino n'kuthandizapo, nagula chilumba chonse. Mu 2008 anayatsa magetsi awoawo. Sindikuti tigule esiteti, ayi. Koma kachigawo ka holoko alembe m'dzina la gulu, mapepala asainidwe njerwa isanaikidwe.

Msungichuma: Nanga akakwiya n'kubweza zonse? Mudzasonkha ndinu muli kunjako? Paja za mjigo ena simunamalize.

Mphwanu wa ku Edinburgh: Zanga ndinatumiza, akulu, onani bwino m'kaundula.

Mlembi: Akabweza tidziwa kuti ankafuna phwando. Ndipo m'kalatamo tiwonjezere kuti ndalama za phwandolo agulire mabenchi, komanso omanga akhale anyamata athu, olipidwa pa nthawi yake.

Wapampando: Ndamva. Mayi Mlembi, lembani yankho lothokoza mwaulemu, mutchule za mapepala a malo, makiyi ndi omanga. Za njira ya kumtsinje tisaziphatikize pano, tikazinena pamaso. Aphunzitsi, mutiperekeze Loweruka, inu amakuopani pang'ono.

Msungichuma: Ine ndipita nawo, koma nditsekeretu pakamwa.