Tabwerako kunyanja ndi mwana uja

Amayi anzanga, paja ndinafunsa zoyenera kunyamula popita kunyanja koyamba ndi mwana wanga wa zaka ziwiri, kuchokera kuno ku Dedza. Tabwerako bwino, ndiye ndati ndikuuzeni mmene tayendera.

Tinatsikira ku Golomoti kudzera msewu wa Khwekhwerere, mpaka ku Cape Maclear. Msewuwu ngokhotakhota zedi, ndipo inu amene munati ndisamukhutitse tisananyamuke munanena zoona. Juzi anangovala m'mawa, chifukwa ukangotsika phiri kutentha kumayambiratu.

Chomwe chinkandisowetsa mtendere ndi udzudzu. Neti ndinanyamula yathu osadalira ya pamalo ogona, ndipo dzuwa likamalowa ndinkamuveka zovala za manja aatali. Akangotentha thupi masabata ano, ndithamangira naye kuchipatala kukayezetsa malungo, osayamba ndadikira. Za likodzo nazonso musazitenge mopepuka. Nkhono zomwe zimafalitsa matendawa zimakonda madzi odekha a m'mabango, ndiye malo otere tinkawapewa, komabe zizindikiro zake zimachedwa kuoneka, choncho ndikafunsa adokotala nthawi yoyenera kumuyeza.

Masana mchenga umawotcha mapazi, moti tinkasewera m'mawa ndi madzulo atavala chipewa ndi masilipasi. Madzi akumwa aukhondo, Thanzi ORS, kabuku ka kusikelo ndi zitenje zingapo zinatikwanira. Zidole musavutike nazo, kapu ndi supuni zinamutangwanitsa tsiku lonse.

M'madzi, chonde, musamusiye dzanja ngakhale pamalo osaya. Ine ndi bambo ake tinkasinthana, wina akamapuma wina maso ali pa mwana.