Ndikupempha malangizo pa chionetsero cha zithunzi za oimba

Anzanga odziwa ntchito yojambula zithunzi, ndikupempha nzeru zanu. Ndikukonzekera mwambo wotsegulira chionetsero cha zithunzi zanga, zomwe zili m'magulu awiri. Zina ndinajambula oimba ali pa siteji, pomwe zina ndi zoyesera njira zachilendo, monga kuchedwetsa shutter (kachitseko ka kamera kolowetsa kuwala) mpaka 1/15 ya sekondi kuti dzanja la woimba ng'oma lioneke ngati mzere wa kuwala.

Vuto langa lalikulu lili pa kusindikiza. Popeza m'malo oimbira mumakhala mdima, zithunzi zambiri ndinazijambula pa ISO 6400 ndi f/2.8 (katcheredwe ka kamera kothandiza kujambula pamene kuwala kuli kochepa), ndipo ngakhale pa kompyuta zimaoneka bwino, ndikuopa kuti ndikazikulitsa kufika pa pepala lalikulu la A2, timadontho tobwera chifukwa cha ISO yokwera tidzawononga nkhope za oimba. Ineyo timadonthoto ndimatikonda, chifukwa timasonyeza mmene usikuwo unalili, kotero sindikufuna kutifufuta tonse. Kodi pepala losanyezimira lingathandize kuposa lonyezimira? Nanga ndi bwino kuti ndisaike galasi m'mafelemu, poti chithunzi chakuda kwambiri chikakhala kuseri kwa galasi chimasanduka kalilole magetsi akachiwalira?

Ndikufunanso kudziwa ngati ndisakanize magulu awiriwa pakhoma limodzi kapena ndiwalekanitse kuti odzaona asasokonezeke.

Nkhani ya oimba eni ake nayonso ikundidetsa nkhawa. Inu amene munachitapo chionetsero chotere, kodi munapempha chilolezo cholembedwa kwa woimba aliyense musanapachike chithunzi chake, makamaka chikakhala chogulitsa? Chonde ndifotokozereni mmene munayendetsera nkhaniyi ndisanapite kosindikizitsa.