Modemu ya lamya yapansi sikugwirizana ndi logger ya zanyengo

Wazanyengo:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tili ndi siteshoni yoyeza mvula, mphepo, kutentha ndi chinyezi kumalo akutali kumene netiweki ya foni zam'manja sifika bwino, koma waya wa lamya yapansi ulipo ndipo ukugwira ntchito. Tikufuna tizitenga data tili ku ofesi, tileke zotumiza munthu ndi laputopu mwezi uliwonse. Logger yake, chipangizo chosunga zimene zayezedwa, ili ndi doko lolumikizira kebulo la RS-232 la mapini 9, lalikazi, ndipo imalankhula pa liwiro la 9600, 8N1 (kasanjidwe ka ma bit). Ndikailumikiza kukompyuta ndi kebulo yowongoka zonse zimayenda bwino. Ndikaika modemu (chipangizo chodutsitsa data pa waya wa lamya) pakati, ndikaimba imangolira osayankha. Modemuyo ndi yakunja, ya mapini 25. Ndili ndi logger ina yofanana nayo pano pa ofesi, ndiye chilichonse mungandiuze ndikhoza kuyesera patebulo ndisanapite kumaloko.

Mkulu wa Lamya:
Achimwene, mwachita bwino kukhala ndi ina patebulo. Pezani mizere iwiri ya analogi, ngakhale ya PABX, makina ogawa mizere ya lamya mu ofesimo, muziimbirana m'chipinda chimodzi mukuona magetsi a kutsogolo kwa modemu. Tiuzeni: AA yayaka? Nanga TR?

Wazanyengo:
Zonse ziwiri ndi zozima, bambo. Ikamalira AA imaphethira, kenako zii.

Mkulu wa Lamya:
Ndiye mavuto ndi awiri pomwepo. AA yozima ikutanthauza kuti modemu sinauzidwe kuti iziyankha yokha. Zimenezo zili mu setingi ya modemu yotchedwa S0, ndipo ambiri amachoka kufakitale S0 ili pa 0. TR yozima ikutanthauza kuti modemu sikuona DTR, chizindikiro chakuti chipangizo cholumikizidwa kwa iyo chakonzeka. Kompyuta imakweza waya wa DTR pulogalamu ikatsegula doko, koma ma logger ambiri amagwiritsa ntchito mawaya atatu okha, wotumiza, wolandira ndi wa ground. Modemu ikapanda kuona DTR imayesa kuti kumbuyo kwake kulibe aliyense, ndiye siyankha ngakhale S0 mutaikonza. Ilumikizeni kukompyuta, tsegulani pulogalamu yolembera malamulo monga PuTTY kapena Tera Term, mulembe AT&F, kenako ATS0=1&D0, kenako AT&W0 kuti isunge. &D0 ndiye ikuiuza kuti isalabadire DTR.

Wazanyengo:
Zatheka! Tsopano ikuyankha, ma modemu awiriwa akuliza kaphokoso kawo, ndipo kwanga kuno kwalemba CONNECT. Koma pulogalamu yotengera data ikuti logger sikuyankha. Pa modemu ya ku logger RD, getsi la data yolandiridwa, ikuphethira ndikatumiza lamulo, koma SD, la data yotumizidwa, ili phee.

Mayi wa Zoyezera:
Achimwene, kebulo mwagwiritsa ntchito yotani pakati pa logger ndi modemu? Fotokozani bwinobwino, ndi tizolumikizira tonse mwaikapo.

Wazanyengo:
Ndi ija inabwera ndi modemu, mayi, ya mapini 9 mbali ina ndi 25 mbali inayo. Poti mbali ya 9 ndi yaikazi ndipo logger nayo ndi yaikazi, ndaika ka gender changer pakati.

Mayi wa Zoyezera:
Vuto lili pamenepo. Gender changer imangosintha maonekedwe a pulagi, mawaya sawatembenuza. Mu RS-232 zipangizo zili mitundu iwiri: DTE, monga kompyuta, ndi DCE, monga modemu. Kebulo yowongoka inapangidwira DTE ndi DCE. Inu mwanena nokha kuti logger yanu imalankhula ndi kompyuta pa kebulo yowongoka, kutanthauza kuti opanga anailumikiza ngati DCE. Ndiye panopa mwakumanitsa ma DCE awiri. Zili ngati anthu awiri ogundanitsa pakamwa ndi pakamwa, makutu awo ali kwina: aliyense akulankhula, palibe akumva.

Njira yachidule ndi kuika null modem adapter, kolumikizira kopingasitsa mawaya, kumbali ya mapini 9, ya amuna mbali zonse, m'malo mwa gender changer ija. Koma kwa chipangizo chokakhala kutchire zaka, ine sindikonda kulumikiza tizidutswa titatu totsatizana. Chinyezi chikalowa, dzimbiri limayambira m'molumikizamo. Wotcherani kebulo imodzi yanuyanu.

Apa ndiye muchenjere, chifukwa ambiri amagwa. Tinazolowera kunena kuti null modem ndi "2 kupita ku 3, 3 kupita ku 2". Zimenezo ndi zoona ngati mapulagi onse ali ofanana kukula. Koma pa DB9 (pulagi ya mapini 9) ndi DB25 (ya mapini 25) ntchito za pini 2 ndi 3 ndi zotembenuka kale. Pa logger yanu ya DB9, data imatulukira pa pini 2 ndi kulowera pa 3. Pa modemu ya DB25, data imalowera pa pini 2 ndi kutulukira pa 3. Choncho kebulo yanu ikhale 2 ku 2, 3 ku 3, ndipo ground ichoke pa 5 ya DB9 kupita pa 7 ya DB25. Ikuoneka ngati yowongoka koma ndiyo yopingasa imene mukufuna.

Musangokhulupirira ine, yezani. Ikani mita pa DC, waya wakuda pa ground. Pini imene imatulutsa data, ikakhala chete, imaonetsa mphamvu ya negative, kawirikawiri pakati pa -5 ndi -12 V. Pini yolandira imaonetsa pafupifupi 0. Yotulutsa ya chipangizo china ikumane ndi yolandira ya chinzake, basi. Kumbukirani kuti ma logger ena amazimitsa doko lawo akagona kuti asamalize batire, ndiye mukapeza 0 paliponse idzutseni kaye.

Wophunzira Ntchito:
Pepani kulowerera akuluakulu. Ine ndimamva kuti ena amalumikiza pini 20 ndi 6 pa modemu. Zimenezo n'zachiyani?

Mkulu wa Lamya:
Funso labwino, mwana wanga. Pini 20 ndi DTR, 6 ndi DSR, chizindikiro chakuti modemu yakonzeka. Ukazilumikiza, modemu imadzipatsa yokha chizindikiro chimene ikudikira, bola DSR ikhale yoyaka nthawi zonse, zomwe ndi &S0. Chimodzimodzi 4 ndi 5, RTS ndi CTS, zopempha ndi zololeza kutumiza data. Ine ndimachita zonse ziwiri, waya ndi lamulo lomwe, chifukwa tsiku lina modemu idzaiwala masetingi ake, koma waya wowotcherera saiwala.

Wazanyengo:
Ndawotcherera monga mwanenera mayi, mita yavomereza. SD tsopano ikuphethira. Koma zimene zikubwera pa sikirini ndi zizindikiro zosawerengeka, ndipo logger ikuoneka ngati yasokonezeka, nthawi zina imayamba kutumiza zinthu ndisanaifunse n'komwe.

Mayi wa Zoyezera:
Pamene munkalemba AT&W0 paja, PuTTY inali pa liwiro lanji?

Wazanyengo:
Pa 115200.

Mayi wa Zoyezera:
Ndi chimenecho. Modemu imadziwa liwiro la doko lake pomvetsera zilembo ziwiri zija, A ndi T. Ndi mmene zakhalira pa ma modemu otsata malamulo a Hayes, amene anayamba ndi Smartmodem ya 1981. Mukasunga, imasunganso liwiro limene munalankhula nayo komaliza. Logger yanu sidzalemba AT m'moyo wake wonse, ndiye modemu ilibe mpata wophunzira kuti mnzakeyo ali pa 9600. Bwererani, ikani PuTTY pa 9600, 8N1, mulembenso zonse n'kusunga muli pomwepo.

Za kusokonezeka kwa logger, ndi modemu imene ikulongolola. Foni ikalira imatumiza mawu akuti RING ku doko, ikalumikizana imatumiza CONNECT, ikaduka NO CARRIER. Logger imatenga zilembozo ngati malamulo, n'kuyankha. Echo ikakhala yoyaka, modemu imabweza zimene logger yanena, logger n'kuyankhanso, osalekeza. Itontholetseni ndi E0 ndi Q1. Muzilembe komaliza, pamzere umodzi ndi &W0, chifukwa mukatero simuonanso zimene mukulemba kapena OK. Musadabwe n'kuyesa kuti yafa. Lembani AT&V mwakhungu, idzakuonetsani zonse zimene yasunga. Onjezani AT&Y0 kuti magetsi akabwerera izidzuka ndi profile 0, masetingi mwasungawo, ndi &K0 kuti isadikire RTS.

Wophunzira Ntchito:
Koma mayi, poti palibe mawaya a RTS ndi CTS, bwanji osaika &K4 kuti pakhale XON/XOFF? Kusiya opanda flow control, njira yoimitsira wotumiza data ikachuluka, sikutayitsa data?

Mayi wa Zoyezera:
Maganizo anu ndi olondola pa mafayilo a zilembo, koma osati pano. XON ndi XOFF ndi ma byte wamba, 17 ndi 19. Ma logger ambiri amatumiza data ya binary, ndipo muyeso wa kutentha kapena nthawi ukhoza kukhala ndi 19 mkati mwake. Modemu ikaiona imayesa yauzidwa kuti ime, ndipo imaimadi kudikira 17 amene mwina sabwera. Chopweteka n'chakuti zimachitika mwa apo ndi apo, lero data yatsika bwino, mawa yaima pakati, ndipo munthu umayamba kunamizira waya wa lamya. Pa chifukwa chomwecho ine ndimaika S2=255 kuti zizindikiro zitatu za +++ zisaibweze modemu ku malamulo mwangozi. Muonenso modemu ya ku ofesi ndi pulogalamu yanu, XON/XOFF ikhale yozima kumenekonso.

Wamaseva:
Kungowonjezera: &K si ya onse. Pa ma modemu a USRobotics &K ndi ya compression, flow control ili pa &H0, &I0 ndi &R1, liwiro lokhazikika la doko ndi &B1, ndipo masetingi amaonedwa ndi ATI4. Ambiri mwa iwo alinso ndi timaswichi ta DIP kumbuyo kapena kunsi, ndipo pali kena kamene kamasankha ngati modemu idzuke ndi zimene munasunga kapena za kufakitale. Kakakhala kolakwika, ntchito yanu yonse imafufutika magetsi akangothima. Werengani buku la modemu yanuyo musanakope mzere wa munthu wina.

Wazanyengo:
Yanga ndi ya &K, AT&V yaonetsa zonse zili m'malo. Ndazimitsa, ndayatsa, ndaimba, data yatsika yonse. Zikomo kwambiri akuluakulu. Chatsala n'kukaiika kumaloko. Waya wa kumeneko ndi wautali ndipo mvula ikagwa pamamveka kuthetheka. Ndikuganiza zotsitsa liwiro la pa waya mpaka 2400 kuti zikhale zodalirika.

Mkulu wa Lamya:
Kutsitsa n'kwabwino. Lamya yapansi inapangidwira mawu a munthu, kuyambira 300 mpaka 3400 Hz, ndipo modemu yothamanga imapanikiza zambiri m'kanjira kameneko. Liwiro la 56k la muyezo wa V.90 iwalani, imafuna kuti mbali imodzi ikhale ya digito. Ma modemu awiri a analogi sapitirira 33600 ya V.34. Pa waya wonyowa V.34 imangokhalira kukambirananso liwiro mpaka kuduka. Ine ndikanapita pa 2400 ya V.22bis osayang'ana m'mbuyo. Data ya mvula ndi yochepa.

Mayi wa Zoyezera:
Bambo, apa ndisiyana nanu pang'ono. Taganizani kuti tazimitsa flow control. Logger ikamathira pa 9600 koma waya ukutulutsa 2400, zotsalazo zimaunjikana mu buffer ya modemu, malo osungira data mongoyembekezera, ikadzaza zimatayika mosachenjeza. Ngati protocol ya logger imatumiza kaphukusi kakang'ono n'kudikira yankho, mupulumuka. Ngati imangokhuthula fayilo yonse, mutaya mizere. Ndiye asankhe chimodzi: atsekere waya pa 9600 ya V.32, kapena atsitse zonse ziwiri, logger ndi modemu, zikhale pa 2400. Ine ndingayambe ndi 9600, V.42 ili yoyaka kuti izikonza zolakwika. V.42 imachotsanso ma start ndi stop bit pa waya, ndiye 9600 ya pa waya imanyamula zochulukirapo pang'ono kuposa 9600 ya pa doko. Lembani AT+MS=? kuti muone mmene modemu yanu imafunira lamulolo, chifukwa kalembedwe kake kamasiyana.

Mkulu wa Lamya:
Za buffer mwanena zoona, mayi. Koma ine ndikuumirirabe kuti akakapeza waya ukuthetheka kwambiri, atsitse zonse ziwiri osataya nthawi. Achimwene, mukafika yezani waya musanalumikize kanthu. Foni ili pansi muyenera kupeza pafupifupi 48 V DC. Samalani zala, ikalira pamabwera AC yoposa 70 V. Lumikizani foni wamba, dinani nambala imodzi kuti dial tone isiye, mumvetsere. Mukamva kung'ung'uza kapena kuthetheka, vuto lili m'molumikiza mawaya, itanani a kampani ya lamya akonze. Muwafunsenso ngati mzerewo ndi wa kopa mpaka ku exchange kapena anausamutsira pa VoIP, lamya yodutsa pa netiweki ya data ngati intaneti. Ngati ndi VoIP, codec yopanikiza mawu monga G.729 imaononga kulira kwa modemu, pemphani G.711.

Wamasola:
Ziwiri zokha kuchokera kwa ine. Onani adaputa ya modemuyo: ambiri akunja amafuna AC, monga 9 V AC, ndipo simungangowapatsa 12 V DC ya batire ya sola. Ngati ndi choncho, pezani modemu ya mafakitale yolandira DC, inverter yoyaka usiku ndi usana idzakudyerani batire. Chachiwiri ndi mphezi. Mlongoti wa choyezera mphepo ndi waya wautali wa lamya, zonse zimaitana. Ikani surge protector ya lamya polowera waya, ndipo ground yake, ya logger ndi ya mlongoti zikumane pa ndodo imodzi ndi waya wonenepa komanso waufupi. Kebulo ya RS-232 isapitirire mamita 15.

Wazanyengo:
Adaputa yalembedwa 12 V DC, ndapulumuka. Funso lomaliza: poti taika &D0, foni ikaduka moipa ndani aiuze modemu kuti itseke? Ndikuopa kudzapeza mzere uli bize sabata yonse.

Mayi wa Zoyezera:
Carrier, kulira kochokera ku modemu inayo, ikasowa modemu imadula yokha, nthawi yake ili mu S10. Onjezani inactivity timer, pa ma modemu a mtundu wanuwo ndi S30, kuti ikakhala mphindi zingapo popanda data idule. Koma modemu imatha kuuma mutu ndithu, makamaka mphezi ikadutsa pafupi. Ngati logger yanu ili ndi doko la 12 V loyatsa ndi kuzimitsa, dyetsani modemu kudzera pa relay, swichi yoyendetsedwa ndi magetsi, muilembere logger kuti izizimitsa modemu kwa mphindi imodzi usiku uliwonse pa ola limene simuimba. Ndi &Y0 ija idzadzuka ili bwino. Ndipo musachoke pamalopo mnzanu wa ku ofesi asanaimbe n'kutsitsa fayilo yonse, bokosi lili lotseka kale.

Wazanyengo:
Ndabwerako. Waya unaonetsa 49 V, kuthetheka kunali pa bokosi lolumikizira lomwe linalowa madzi, a lamya asintha. Ndatsekera pa 9600, relay ikuzimitsa 2 koloko usiku, ndipo mnzanga anatsitsa data ya miyezi iwiri ine ndili pomwepo. Masetingi onse ndi chithunzi cha kebulo ndazimata mkati mwa chitseko cha bokosi kuti wodzabwera pambuyo panga asadzavutike. Mvula yagwa usiku wathawu ndipo m'mawa uno yayankha pa kulira koyamba.