Gentoo: ndithandizeni pa slot conflict ndi mapulogalamu ochedwa kumangika

Abale, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumagwiritsa ntchito Gentoo, mtundu wa Linux umene munthu amamanga mapulogalamu pa kompyuta yake yomwe. Laputopu yanga inakhala miyezi ingapo popanda intaneti yodalirika. Tsopano ndachita emerge --sync kuti nditenge mndandanda watsopano wa mapaketi (mapulogalamu), koma ndikalamula emerge -avuDN @world kuti onse akwezedwe, Portage, pulogalamu yoyang'anira mapaketi, ikukana, ikuti pali slot conflict, kutanthauza kuti pakufunika mitundu iwiri ya paketi imodzi imene singakhalire limodzi. Zikuoneka kuti mapaketi ena akadakakamira Python yakale pomwe PYTHON_TARGETS, yosankha Python yogwiritsa ntchito, inasintha. Ndakweza --backtrack (maulendo amene Portage imayesanso njira zina) kufika pa 100, osathekabe.

Kodi ndiyambe ndi sys-apps/portage yokha, kenako Python, ena n'kumatsatira pang'onopang'ono? Kuchotsa mapaketi ndi --unmerge ndikuopa, chifukwa kungathe kugwetsa makina onse.

Chikundisowetsa tulo kwambiri ndi qtwebengine, paketi yaikulu yoonetsera masamba a pa intaneti. RAM yanga ndi 8 GB, ndiye MAKEOPTS ndinaisiya pa -j3 (ntchito zitatu zokha nthawi imodzi), ndipo paketiyi imatha usiku wonse ikumangidwa. Magetsi akangothima, ntchito yonse ija yapita. Ndikudziwa kuti kuyambira mu Disembala 2023 Gentoo imapereka mapaketi omangidwa kale. Nanga ndikayatsa getbinpkg kuti mapaketiwo azitsika, ma USE flag anga (zosankha za mmene paketi imangidwire) a mu fayilo ya package.use akasiyana ndi awo, ndingadziwe bwanji msanga amene akulepheretsa paketi yokonzeka kutsika? Amene munayesapo ccache (yosunga zidutswa zomangidwa kale kuti zisamangidwenso) pa qtwebengine, inakuthandizani?