Singano ya galimoto ikuti 60, foni ikuti 55: cholondola ndi chiti?

Nambewe, Lizulu

Akuluakulu, ndithandizeni. Galimoto ikamayenda pa M1, singano ya liwiro imaloza 60 pomwe GPS ya pa foni ikuonetsa 55. Makina a apolisi amagwirizana ndi iti? Chinanso, galimoto zochokera ku UK zili ndi manambala akuluakulu ndi ang'onoang'ono. Chikwangwani chikati 50, tiziyang'ana ati?

Angozo, makaniko ku Ntcheu boma

Anambewe, ndiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi loopsa. Zikwangwani za kuno zimawerenga makilomita pa ola. Pa galimoto ya ku UK, manambala akuluakuluwo ndi mamailosi, ndipo mailo imodzi ndi makilomita 1.6. Singano ikakhala pa 50 wamkulu, ndiye kuti mukuthamanga 80. Mukaona chikwangwani cha 50, singano ikhale pa 30 wamkulu, omwe ndi makilomita 48. Za ku Japan zilibe vutoli, ndi makilomita okhaokha, zambiri mpaka 180.

Tsono za foni. Singano siyeza msewu ayi, imawerenga momwe mawilo akuzungulirira, ndipo opanga galimoto amaichuna kuti izionetsa mopitirira pang'ono. Pamsewu wowongoka, liwiro losasinthasintha, foni ndi imene ili pafupi ndi choonadi. Pokhota, kapena mukamaponda buleki, foni imatsalira m'mbuyo, musaidalire.

Chimene ambiri sachidziwa ndi matayala. Galimoto yomwe inabwera ndi matayala a saizi 185/65 R15, mwini wake n'kuika 195/70 R15 kuti isamagunde pansi m'misewu ya dothi ya ku Tsangano, msinkhu wa tayala umakula kuchoka pa mamilimita 621 kufika pa 654. Tayala latsopanolo likazungulira kamodzi limayenda mtunda wautali kuposa lakale, koma singano siidziwa zimenezo. Kusiyanako ndi 5 pa 100 aliwonse: pomwe kale inali 80, tsopano ndi 84. Kampata komwe opanga anakusiyirani kaja katha.

Achisale, Dedza

Angozo anena zoona. Makina a apolisi amaponya mafunde pa galimoto n'kuwerenga momwe abwerera, choncho amagwira liwiro lenileni la nthawi yomweyo. Singano yanu sawona, komanso sawerengera kuti munayenda pang'onopang'ono kuchokera ku Bembeke.

Koma ine nkhawa yanga si chindapusa. Tengani liwiro lanu, gawani ndi 3.6, mupeza mamita omwe galimoto imadya pa sekondi imodzi. Pa 50 ndi mamita 14. Pa 80 ndi 22. Pa 100 ndi 28. Kuchokera pomwe diso laona mwana mpaka phazi kufika pa buleki pamadutsa sekondi, kawirikawiri kuposerapo. Kenako buleki yeniyeniyo: pa phula louma, matayala abwino, galimoto yaing'ono imafuna mamita pafupifupi 14 pa 50, mamita 36 pa 80, ndi 56 pa 100. Phatikizani: 28, 58, 84. Kuchoka pa 50 kufika pa 100 liwiro lawirikiza kawiri, koma mtunda woimira wawirikiza katatu.

Ganizirani Lizulu tsiku la msika, matumba a kachewere ndi kabichi ali m'mbali mwa phula, akabaza akutulukira kuseri kwa lole. Malo a mamita 58 oti muimire mulibe. Chimodzimodzi nkhungu ya June ndi July kuno ku Dedza: ngati mukuona mamita 30 okha kutsogolo, ngakhale 60 yakuchulukirani, ndipo phula likanyowa mtundawo umatalikirako.

Phindu la kuthamangalo ndi lochepa. Makilomita 80 pa liwiro la 80 ndi ola limodzi, pa 100 ndi mphindi 48. Mphindi 12 basi.

Nachisale, Mtakataka

Ndiwonjezere za mphepo, poti asodzi kuno amasokonezekanso. Chenjezo la mwera la a zanyengo mumalimva m'makilomita pa ola, koma mapulogalamu ena a pa foni amalemba ma knot. Knot imodzi ndi makilomita 1.85 pa ola. Foni ikati 20, ndi makilomita 37, pafupifupi liwiro lomwe Usain Bolt anathamangira mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009. Mphepo yotero bwato la nkhafi lisalowe pakati. Yang'anani kaye zilembo zotsatira nambalayo, kn kapena km/h.

Nambewe, Lizulu

Zikomo nonse. Angozo, nambala ya matayala oyenera ndingaipeze pati?

Angozo

Tsekulani chitseko cha dalaivala, Anambewe, muona kapepala komatidwa pa chipilala chake. Pamenepo palembedwa saizi ya tayala ndi mpweya wake. Yerekezani ndi zomwe zalembedwa m'mbali mwa matayala onse anayi, chifukwa a kaunjika nthawi zambiri amakhala osakanikirana.